Odwala Dengue Ogonekedwa M'chipatala

(Nyimbo yotsegulira pulogalamu)

Pulogalamu ya zaumoyo ya sabata ino ikunena za matenda a dengue, makamaka za odwala amene matendawa awafikitsa pogonekedwa m'chipatala: zizindikiro zimene amabwera nazo, mmene thupi lawo limasinthira tsiku ndi tsiku, ndiponso zimene madokotala ndi anamwino amayang'anira usana ndi usiku kuti moyo upulumuke. Nkhaniyi ili ndi mfundo imodzi imene imasiyanitsa dengue ndi matenda ambiri otenthetsa thupi, ndipo mfundoyo ndi yakuti nthawi yoopsa kwambiri kwa wodwala imafika pamene kutentha kwa thupi kwayamba kutsika, nthawi imene abale ndi omudwazika amayamba kupumira m'mwamba poganiza kuti munthu wawo wachira.

Dengue imayamba ndi kachilombo ka mtundu wa vayirasi, kamene kali ndi mitundu inayi yofanana ngati ana a mimba imodzi koma yosiyana mokwanira kuti munthu akhoza kudwala dengue kanayi pa moyo wake. Kachilomboka kamafala ndi udzudzu wotchedwa Aedes, makamaka Aedes aegypti, umene umadziwika ndi mizere yoyera pa miyendo yake yakuda, ndipo khalidwe lake n'losiyana ndi la udzudzu wa Anopheles wofalitsa malungo, pakuti umaluma masana, kwenikweni m'mawa ndi chakumadzulo dzuwa lisanalowe, ndipo umaswana m'madzi oyera odikha pafupi ndi nyumba, monga m'migolo, m'zigubu, m'matayala akale ndi m'zitini zotayidwa. Munthu akalumidwa ndi udzudzu wonyamula kachilomboka, pamapita masiku 4 mpaka 10 zizindikiro zisanaoneke.

Kafukufuku amene adafalitsidwa mu 2013 adayerekeza kuti chaka chilichonse anthu pafupifupi 390 miliyoni amatenga kachilomboka, ndipo mwa iwo pafupifupi 96 miliyoni ndiwo amaonetsa zizindikiro, kutanthauza kuti ambiri amachira osadziwa n'komwe kuti adadwala. Ngakhale kuti ofika pogonekedwa ndi gawo laling'ono la chiwerengerochi, mliri ukabuka gawo laling'onolo limadzaza zipatala mpaka odwala kugona pansi, monga zidachitikira ku Bangladesh mu 2023, kumene anthu oposa 320,000 adagonekedwa ndipo 1,705 adamwalira. Kwawo kwenikweni kwa matendawa ndi ku Asia ndi ku South America, koma Africa siili kutali nawo: mzinda wa Pemba ku Mozambique udaona mliri wa dengue mu 1984 ndi 1985, ndipo matendawa adabukanso ku Pemba ndi ku Nampula mu 2014, pamene ku Tanzania, makamaka ku Dar es Salaam, anthu oposa 6,000 adadwala mu 2019. Awa ndi malo amene amalonda ndi oyendetsa magalimoto a katundu ochokera ku Malawi ndi ku Zambia amafikako kawirikawiri, choncho wodwala wobwera kuchokera kumeneko akhoza kupezeka pa mzere wa chipatala chilichonse cha kuno.

(Nyimbo yaifupi)

Madokotala amagawa ulendo wa matendawa m'magawo atatu, ndipo gawo loyamba ndi la kutentha thupi, limene limatenga masiku 2 mpaka 7. Kutenthako kumabwera mwadzidzidzi ndipo kumatha kufika madigiri 40, pamodzi ndi mutu waukulu, ululu wa kuseri kwa maso umene umakula munthu akatembenuza maso, kuphwanya kwa minofu ndi mfundo, nseru, kusanza ndi kusafuna chakudya. Ululu wa m'mafupa umakhala waukulu kotero kuti Benjamin Rush, dokotala amene adafotokoza za mliri wa ku Philadelphia wa mu 1780, adalemba kuti anthu ankatchula matendawa ndi dzina lotanthauza nthenda yothyola mafupa. Nkhope imafiira, ndipo odwala ena amatuluka zidzolo kapena timadontho tofiira pakhungu timene sitizimirira munthu akatisindikiza ndi chala, popeza timakhala magazi amene atuluka m'timitsempha ting'onoting'ono.

Pa gawo limeneli palibe amene angaloze motsimikiza kuti wodwala uyu adzachira bwinobwino ndipo uyo adzafika pangozi, pakuti onse amaoneka mofanana. Chimene chipatala chimachita ndi kutsimikiza matendawo ndi kuyamba kusunga ziwerengero zoyerekezera nazo mawa. M'masiku oyambirira kachilombo kamakhala kadakali m'magazi, ndiye kamapezeka ndi kuyeza kwa PCR kapena ndi kachipangizo kofufuza puloteni ya kachilomboka yotchedwa NS1, koma kuyambira cha pa tsiku lachisanu kuyeza kodalirika kumakhala kofufuza asilikali a m'thupi otchedwa IgM, amene thupi limapanga polimbana ndi kachilomboko. Kumene zipangizozi kulibe, dokotala amatha kumanga lamba woyezera kuthamanga kwa magazi pamkono ndi kumusiya atapopedwa pang'ono kwa mphindi 5, ndipo timadontho tofiira tikatuluka tambiri m'munsi mwa lambayo, amadziwa kuti timitsempha tafooka, ngakhale kuti njira imeneyi payokha si umboni wokwanira. Chizindikiro china choyambirira ndi kutsika kwa maselo oyera a m'magazi, kumene kumachitika kusintha kwina kusanaoneke.

Gawo lachiwiri ndi limene limapha, ndipo limayamba pakati pa tsiku lachitatu ndi lachisanu ndi chiwiri, pa nthawi imene kutentha kwa thupi kukutsika kufika cha pa madigiri 38 kapena kucheperapo. Kuti limveke bwino, nkofunika kukumbukira kuti magazi ali ndi mbali ziwiri: maselo, ndi madzi achikasu amene maselowo amayandamamo, otchedwa pulazima. Mwa munthu wathanzi, makoma a timitsempha amasunga pulazima mkati, koma mwa odwala dengue ena makomawa amayamba kuthonya ngati mtsuko wosawotcha bwino umene umatuluka thukuta, kotero kuti madzi amatuluka pang'onopang'ono n'kukasonkhana m'mimba ndi kuzungulira mapapo, pamene maselo ofiira, pokhala aakulu, amatsalira mkati. Zotsatira zake n'zakuti magazi amachepa ndi kukhuthala ngati phala limene laphwera pamoto, ndipo mtima umasowa chokwanira choti upope. Wodwala wotere amakhala akutha madzi ngakhale kuti sakutsegula m'mimba, pakuti madziwo sadatuluke m'thupi, adangochoka pamalo pake n'kupita kumene alibe ntchito.

Chodabwitsa, ndiponso chopatsa chiyembekezo, n'chakuti kuthonyaku kumatenga maola 24 mpaka 48 okha, kenaka makoma a timitsempha amatsekeka okha. Ntchito yonse ya chipatala, tsono, ndi kumuwolotsa wodwala masiku awiri amenewa ali moyo. Chida chachikulu pa ntchitoyi ndi muyeso wotchedwa hematokiriti, umene umaonetsa gawo la magazi limene ndi maselo ofiira: munthu amene muyeso wake unali 40 pa 100 pofika m'chipatala, ukakwera kufika pa 48, ndiye kuti wakwera ndi gawo limodzi mwa magawo asanu, ndipo ichi ndi chizindikiro chakuti pulazima watuluka wambiri. N'chifukwa chake muyeso wa tsiku loyamba uli wamtengo wapatali, makamaka m'madera amene anthu ambiri ali ndi magazi ochepa kale, pakuti mwa munthu wotero muyeso umene ukuoneka wabwinobwino ukhoza kukhala kuti wakwera kale kwambiri.

Madzi akatuluka mopitirira, wodwala amalowa mu chimene madokotala amachitcha shoko, kutanthauza kuti magazi sakufikanso mokwanira ku ziwalo za thupi. Shoko ya dengue ndi yonyenga, ndipo yasocheretsa ngakhale ogwira ntchito odziwa, chifukwa poyamba wodwala amakhala ali maso, akulankhula bwinobwino, ndipo nambala yapamwamba ya kuthamanga kwa magazi imaoneka yabwino. Chimene chimasintha ndi mpata wa pakati pa nambala yapamwambayo ndi yapansi: thupi likamafinya mitsempha poyesetsa kusunga magazi ku mtima ndi ku ubongo, nambala yapansi imakwera kuyandikira yapamwamba, ndipo mpatawo ukatsika kufika pa 20 kapena kucheperapo, monga 110 pa 90, makamaka mwa mwana, wodwalayo ali kale pangozi. Manja ndi mapazi amazizira ndi kunyowa, mtima umagunda mofulumira koma mofooka, mkodzo umachepa, ndipo chikhadabo chikasindikizidwa chimatenga masekondi oposa 2 kuti chifiirenso. Kuchoka pamenepa kufika pamene kuthamanga kwa magazi sikukuyezekanso pamatha kupita maola ochepa chabe, ndipo nthawi zina mphindi.

Pofuna kuti odwala otere azidziwika shoko isanafike, bungwe loona zaumoyo padziko lonse la WHO lidasintha kagawidwe ka matendawa mu 2009, n'kuika magulu atatu: dengue yopanda zizindikiro zochenjeza, dengue yokhala ndi zizindikiro zochenjeza, ndi dengue yoopsa. Zizindikiro zochenjezazo ndi izi: kupweteka kwambiri kwa m'mimba, kusanza kosalekeza, madzi kusonkhana m'mimba kapena m'chifuwa, magazi kutuluka m'nkhama kapena kamfuno, kufooka kongofuna kugona kapena kusakhazikika, chiwindi kutupa mopitirira masentimita 2, ndi kukwera kwa hematokiriti kumene kukuyendera limodzi ndi kutsika msanga kwa timaselo toundanitsa magazi. Ubwino wa mndandandawu ndi wakuti zambiri mwa zizindikirozi sizifuna labotale. Mayi wodwazika mwana akhoza kuziona yekha, ndipo namwino wa pachipatala chaching'ono akhoza kuzipeza ndi maso ndi manja ake. Wodwala amene ali ndi chimodzi mwa zimenezi ayenera kugonekedwa, osati kubwezedwa kunyumba ndi mapilitsi.

(Nyimbo yaifupi)

Nkhani ya timaselo toundanitsa magazi, timene m'chipatala amatitcha mapulateleti, ndi yofunika kuikhalira pansi, chifukwa ndi imene imabweretsa mantha aakulu ndiponso zolakwika zambiri. Munthu wathanzi amakhala ndi mapulateleti 150,000 mpaka 450,000 mu kadontho kakang'ono ka magazi kotchedwa mayikulolita, ndipo mwa odwala dengue ogonekedwa chiwerengerochi chimatsika kawirikawiri kufika pansi pa 100,000, mwinanso kufika pa 20,000. M'mayiko amene dengue ndi yofala, abale amathamanga uku ndi uku kufunafuna opereka magazi akangomva nambala yotere, koma kafukufuku amene adachitika ku Singapore ndi ku Malaysia, n'kufalitsidwa m'magazini ya zachipatala ya The Lancet mu 2017, adapeza kuti kuika mapulateleti mwa akuluakulu amene chiwerengero chawo chatsika kwambiri koma sakutaya magazi sikudachepetse kutaya magazi, m'malo mwake kudawonjezera zovuta zobwera ndi kuikidwa magazi. Kutaya magazi koopsa, kumene kumaonekera m'masanzi a magazi, m'chimbudzi chakuda ngati phula kapena m'msambo wosalekeza, kumabwera kawirikawiri mwa wodwala amene wakhala mu shoko nthawi yaitali, kapena amene ali ndi zilonda za m'mimba, kapena amene wamwa mankhwala osayenera. Wodi imene maso ake onse ali pa mapulateleti n'kuiwala hematokiriti, mkodzo ndi kuzizira kwa manja ikuyang'ana utsi n'kusiya moto. Pali chizindikiro chimodzi chobisika chimene dokotala sayenera kuchiphonya: hematokiriti ikatsika mwadzidzidzi koma wodwala osapeza bwino, ndiye kuti magazi akutayikira mkati, ndipo apa pofunika ndi kuika magazi enieni mosachedwa.

Ziwalo zina nazonso zimakhudzidwa. Chiwindi chimatupa pang'ono mwa odwala ambiri, ndipo muyeso wa michere yake yotchedwa AST ndi ALT ukafika pa 1,000 kapena kupitirira, matendawo amawerengedwa kuti ndi oopsa. Mwa ochepa ubongo umatupa n'kubweretsa kusokonezeka maganizo kapena kukomoka, ndipo mwa ena mnofu wa mtima umafooka kapena impso zimaleka kugwira ntchito.

Funso limene lavutitsa akatswiri kuyambira m'zaka za m'ma 1950, pamene mtundu woopsawu udayamba kupha ana ku Manila ndi ku Bangkok, ndi lakuti n'chifukwa chiyani ena amadwala pang'ono pamene ena amafika pakhomo la imfa. Yankho lalikulu, limene katswiri wina wa ku America, Scott Halstead, adalimbikira kulifotokoza, ndi lakuti kudwala kachiwiri ndi mtundu wina wa kachilomboka n'koopsa kuposa koyamba. Asilikali amene thupi lidapanga pa matenda oyamba amateteza munthu kwa nthawi yaitali ku mtundu womwewo, koma akakumana ndi mtundu wachilendo amaugwira osaupha, ndipo m'malo mwake amauperekeza kulowa m'maselo, mmene umaswana mochuluka. Zimene zidachitika ku Cuba zidaonetsa zimenezi poyera: mtundu woyamba udafala m'dzikomo mu 1977 popanda imfa zambiri, koma mtundu wachiwiri utafika mu 1981, anthu oposa 340,000 adadwala ndipo 158 adamwalira, 101 mwa iwo ana. Pa chifukwa chomwechi, khanda la miyezi ingapo lobadwa kwa mayi amene adadwalapo dengue likhoza kudwala moopsa pa nthawi yoyamba, popeza asilikali amene lidalandira kwa mayi ake amakhala atachepa moti sangatetezenso. Enanso amene madokotala amawagoneka msanga, ngakhale zizindikiro zochenjeza zisanaoneke, ndi amayi oyembekezera, okalamba, onenepa kwambiri, odwala shuga, odwala impso ndi amene ali ndi matenda a magazi a sikoselo, komanso munthu wokhala yekha kapena wokhala kutali ndi chipatala.

Mankhwala opha kachilombo ka dengue kulibe, ndipo chithandizo chenicheni ndi madzi operekedwa pa muyeso woyenera pa nthawi yoyenera. Wodwala amene akutha kumwa amapatsidwa madzi a ORS, phala lamadzi, msuzi ndi madzi a zipatso. Amene akusanza kapena ali ndi zizindikiro zochenjeza amaikidwa dilipi ya madzi a mchere kapena a Ringer's lactate, ndipo kafukufuku wa pa ana ku Ho Chi Minh City ku Vietnam, amene adafalitsidwa mu 2005, adaonetsa kuti madzi otchipa a Ringer's lactate ndi okwanira kwa ana amene shoko yawo siidafike poipitsitsa. Luso lagona pa kachulukidwe. Madzi akachepa shoko imapitirira, koma akachuluka, pomwe mitsempha ikuthonya, amakathera m'mapapo n'kumumiza wodwala ali pabedi. Choncho dilipi ya wodwala dengue siyenera kutsegulidwa n'kusiyidwa. Imachepetsedwa kapena kuwonjezeredwa malinga ndi kugunda kwa mtima, hematokiriti ndi mkodzo, umene uyenera kufika pafupifupi theka la mililita pa kilogalamu iliyonse ya thupi pa ola. Pachifukwa ichi, amene amapulumutsa wodwala dengue kwenikweni ndi namwino wobwerera pabedi ola ndi ola, ndipo umboni wake uli m'ziwerengero: dengue yoopsa ikasiyidwa popanda chithandizo imatha kupha anthu oposa 20 pa 100 alionse, koma kumene imazindikirika msanga ndi kusamalidwa bwino, omwalira safika ngakhale mmodzi pa 100.

Gawo lachitatu ndi la kuchira, pamene madzi aja amayamba kubwerera m'mitsempha kwa maola 48 mpaka 72. Wodwala amayamba kufunsa chakudya, mkodzo umachuluka, mtima umatha kugunda pang'onopang'ono kuposa masiku onse, ndipo ena amatuluka zidzolo zofiira zoyabwa m'miyendo ndi m'manja, zokhala ndi timalo toyera pakatipakati, zimene zimaopsa abale koma n'chizindikiro chabwino. Ngozi yotsala pano ndi dilipi yoiwalika, pakuti madzi obwerera akakumana ndi madzi a m'botolo, mtima umalemedwa. Wodwala amatulutsidwa akakhala maola 48 osatentha thupi, akudya, akupuma bwino, hematokiriti itakhazikika popanda dilipi ndiponso mapulateleti atayamba kukwera, ngakhale kuti kufooka kumatha kutsalira kwa masabata angapo.

Kwa omvera a m'chigawo chino, vuto lalikulu lili m'chizolowezi. Mawu akuti malungo amagwiritsidwa ntchito pa kutentha thupi kulikonse, ndipo munthu akaphwanya m'thupi amathamangira ku golosale kukagula asipirini kapena Brufen, mankhwala amene mwa wodwala dengue amakanda m'mimba ndi kulepheretsa magazi kuundana. Choletsa ululu chovomerezeka pa matendawa ndi Panado yekha, pa muyeso woyenera, pakuti naye akachuluka amawononga chiwindi chimene chili chodwala kale. Kuyezetsa malungo kukhale koyamba nthawi zonse, chifukwa malungo amapha msanga ndipo munthu akhoza kukhala ndi matenda onse awiri pakamodzi, koma zotsatira zikaonetsa kuti malungo palibe, kumwa mankhwala a malungo a LA sikuthandiza kanthu, ndipo funso la kumene wodwala wayenda m'masabata awiri apitawo liyenera kufunsidwa ndi kuyankhidwa mosabisa. Amene wabwera kuchokera ku Dar es Salaam, ku Pemba kapena ku Nampula ndipo watentha thupi, auze dokotala za ulendowo, agone m'neti ngakhale masana kuti udzudzu usatengere kachilombo kwa ena a pakhomo, ndipo omudwazika awerenge masiku kuyambira tsiku limene adayamba kutentha. Thupi likazizira pa tsiku lachinayi kapena lachisanu koma m'mimba mukupweteka, akusanza, manja azizira kapena akungofuna kugona, abwerere naye kuchipatala nthawi yomweyo, osadikira kuti kuche.

(Nyimbo yotsekera pulogalamu)